Ndege zikatera pa Chileka zitisiyireko kanthu

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni kampata m'nyuzipepala yanu yokondedwayi kuti ndipereke maganizo anga pa nkhani ya bwalo la ndege la Chileka, makamaka pa zimene tikumva kuti makampani a ndege akuonjezera maulendo ndipo kuti mzinda wa Blantyre utukuka nazo. Ndikudziwa kuti ena anena kuti nkhani ya ndege ndi ya mabwana ovala mataye, siikhudza ife olima ndi khasu. Ndikuwapempha oterewa kuti ayambe awerenga kalatayi mpaka kumapeto, chifukwa ine ndikuona kuti nkhaniyi ikukhudza tonse, ngakhale amene sadaionepo ndege ili pansi.

Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma. Ndidagwira choko zaka zoposa 30 m'sukulu za pulayimale za kumudzi, ndipo nditapuma ndidamanga kanyumba kuno ku Machinjiri. Ndege zikamatsika kukatera pa Chileka timaziona tili pakhonde, adzukulu anga n'kumazibayibitsa. Ndiulule poyera kuti ngakhale imvi zandidzadza m'mutu, sindidakwerepo ndege ndi kamodzi komwe. Chimene ndidachitapo ndi kutenga ana a Sitandade 8 pa lole kupita nawo ku Chileka kuti akaone ndi maso zimene ndinkawajambulira pabolodi. Tsiku limenelo ana sadadye nkhomaliro chifukwa cha chimwemwe. Choncho ndikulemba ngati munthu woonera kunja kwa mpanda, koma woonera zaka zambiri.

M'chaka cha 2024 boma lidalengeza kuti bwaloli lizitchedwa ndi dzina la mtsogoleri wakale wa dziko lino, Dr Bakili Muluzi. Sindikutsutsa zimenezo, koma mundikhululukire ndikamati Chileka, pakuti pakamwa pa nkhalamba sipasintha msanga. Dzinali lili ndi mbiri. Malemu bambo anga ankatisimbira za tsiku la 6 Julaye 1958, pamene Dr Kamuzu Banda adatera pa Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo chinamtindi cha anthu chidakamuchingamira. Ine ndemwe ndikukumbuka mwezi wa Meyi 1989 pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adafika m'dziko muno, ife ndi akhristu a mipingo yosiyanasiyana tili ndandanda m'mbali mwa msewu. Nthawi imeneyo tinkadziwa kuti khomo la Malawi ndi pomwepa.

Koma pali mbiri ina ya Chileka imene sitiikamba kawirikawiri, ndipo ndi imene yandichititsa kugwira cholembera. Pabwalo lomweli ndi pamene pankanyamukira abambo ndi amalume athu opita ku migodi ya ku Joni pa ulendo wa Wenela. Malo okwerera mabasi amene timawatchula kuti pa Wenela mu Blantyre adatenga dzina ku bungwe lomwelo lolemba anthu ntchito za m'migodi. Amalume anga adapita maulendo awiri. Adabwera ndi njinga, wailesi, bulangeti ndi chifuwa chimene sichidawasiye mpaka kumanda. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yobweza anthu kumudzi idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo anthu 78 adafa, ambiri mwa iwo Amalawi. Ndidali mnyamata wa pulayimale, koma maliro a chaka chimenecho sindidawaiwale. Ngoziyi itachitika, Dr Banda adaletsa za Wenela. Phunziro limene ndidatolapo ndi lakuti ndege ikhoza kumatera ndi kunyamuka tsiku ndi tsiku, mudzi n'kumasaukirabe, ngati chimene ikunyamula ndi anthu amphamvu okhaokha.

Achinyamata a lero mwina sakhulupirira kuti kale munthu ankakwera ndege ya Air Malawi pa Chileka n'kukatsikira ku London. Zidalidi choncho kuyambira 1974 mpaka 1979, pa ndege yaikulu ya mtundu wa VC10. Itasiya kuuluka, ndege ija idakhala zaka zambiri pambali pa bwalo ikuchita dzimbiri, ana anga a sukulu n'kumandifunsa ngati ikudwala. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi litatsegulidwa mu 1983, ndege zikuluzikulu zochokera kutali zidatembenukira kumeneko. Chileka adatsala ngati mkazi wamkulu amene mwamuna wamuiwala atakwatira wachiwiri. Air Malawi nayo idatha mu 2013 chifukwa cha ngongole, ndipo m'malo mwake mudabwera kampani imene tsopano ikutchedwa Malawi Airlines. Idayamba kuuluka mu Januwale 2014, boma lathu lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, a Ethiopian Airlines ali ndi 49.

M'zaka zapitazi zinthu zayambanso kugwedezeka. Ndege za Ethiopian Airlines zidayamba kulumikiza Blantyre ndi Addis Ababa, kumene munthu amasinthira ndege yopita ku Ulaya, ku India kapena ku China. Mu Sepitembala 2023 kampani ya Airlink ya ku South Africa idatsegula ulendo wa pakati pa Johannesburg ndi Blantyre, kuonjezera pa ndege yathu ya Malawi Airlines. Ine zimenezi ndikuzilandira ndi manja awiri, ndipo ndili ndi chifukwa changa chimene chimandipweteka mumtima ndikachikumbukira.

Mwana wanga wachisamba amagwira ntchito ku Johannesburg, monga momwe achitira ana a anthu ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa. Mayi ake atadwala mwakayakaya, madokotala adatiuza kuti tiitane ana. Tidamuimbira foni usiku womwewo. Adafunsa mtengo wa tikiti ya ndege, napeza kuti ikuposa malipiro ake a mwezi wathunthu. Adakwera basi. Adachedwa pa chipata cha Beitbridge, nadutsa Zimbabwe yense mpaka pa Nyamapanda, naoloka Zambezi pa Tete, nafika pa Zobue ndi Mwanza. Adalowa m'nyumba tsiku lachitatu, atapeza masiwa aikidwa kale. Mayi ake adamwalira akufunsa ngati wafika. Bambo Mkonzi, ulendo womwewo pa ndege ndi wa maola awiri okha. Choncho munthu asandiuze kuti ndege ndi ya anthu olemera okha. Mmphawi naye amaifuna, kungoti saikwanitsa. Makampani akachuluka pa njira imodzi amapikisana, ndipo mpikisano ndi umene umatsitsa mtengo, monga timaonera pa minibasi za ku Limbe zikachulukana pa siteji.

Komabe akuluakulu adati walira mvula walira matope. Ndili ndi mfundo zisanu zimene ndikufuna kuti a boma, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi ife anthu wamba tiziganizire tisanayambe kuvina.

Mfundo yoyamba ndi yakuti ulendo wa ndege sutsegulidwa chifukwa cha chikondi. Kampani ya ndege ili ngati mwini minibasi: ikaona kuti mipando ikupita yopanda anthu, imasamutsira ndege yake kwina. Palinso vuto lina limene ambiri sitilidziwa. Kampani yakunja imagulitsa matikiti kuno m'makwacha, koma mafuta, zipangizo, inshuwalansi ndi lendi ya ndege imalipira m'madola. Ikapita kubanki kukasintha makwacha aja n'kupeza kuti madola kulibe, ndalama zake zimangokhala muno. Kwacha ikagwa mphamvu zili chikhalire, kampani ija yaluza. Tidaziona mu Novembala 2023, pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse. Mwezi womwewo kampani ya South African Airways idalengeza kuti ikuimitsa maulendo ake a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, chonsecho idali itangowayambiranso chaka chomwecho. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chimene chimasunga ndege pa bwalo ndi ndalama zakunja, ndipo ndalama zakunja zimabwera dziko likamagulitsa katundu kunja ndi kulandira alendo.

Apa ndi pamene pakubwera mfundo yachiwiri, imene ikukhudza mlimi mwachindunji. Ndege yonyamula anthu imakhalanso ndi malo a katundu kunsi kwake. Funso langa ndi lakuti, ndege ikamanyamuka pa Chileka, m'mimba mwake mumakhala chiyani chochokera m'minda yathu? Fodya, tiyi, shuga ndi nandolo ndi katundu wolemera, amayenda pa malole ndi sitima kudzera ku madoko a Beira ndi Nacala. Ndege imafuna katundu wopepuka, wa mtengo wapatali, wosachedwa kuonongeka: zitheba, tsabola, mango, maluwa, ndiwo zamasamba. Anzathu a ku Kenya ndi ku Ethiopia amathyola maluwa ndi ndiwo lero, mawa zili pa msika ku Ulaya, ndipo mabanja ambirimbiri amadyera momwemo. Ife tili ndi ndiwo za ku Bvumbwe, zinanazi za ku Mulanje, manachesi a ku Mwanza ndi mango amene amaolera pansi pa mitengo mwezi wa Disembala. Zonsezi zili pa mtunda wa maola awiri kapena atatu kuchokera pa Chileka.

Sindikunena kuti mayi atenge dengu la tomato pa Lunzu n'kukaima nalo pa chipata cha bwalo la ndege. Msika wakunja uli ndi malamulo ake. Umafuna katundu wofanana kukula kwake, wopanda tizilombo, wosapyola muyeso wa mankhwala, wopakidwa bwino, ndiponso wopezeka sabata iliyonse osati pa nyengo yokha. Mlimi mmodzi sangathe zimenezi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pakufunika makalabu ndi makopaletivi olimba, ulimi wothirira, alangizi oyendera alimi m'minda osati okhala mu ofesi, a Malawi Bureau of Standards oyeza katundu msanga, ndiponso nyumba yaikulu yozizira pabwalo pomwepo yokhala ndi magetsi osazimazima. Akuluakulu akamatiuza za mapulani okuza bwaloli, tiziwafunsa za nyumba yozizirayo tisanawafunse za chipinda chopumiramo mabwana.

Alendo odzaona malo nawonso ndi gwero la ndalama zakunja, ndipo chigawo cha kummwera chili ndi zoonetsa. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, lidalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2025 m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Nkhalango ya Majete ku Chikwawa, imene nyama zidatheratu, idadzadzanso njovu, mikango ndi zipembere kuchokera pamene a African Parks adayamba kuisamala mu 2003. Kuli Liwonde, kuli phiri la Zomba. Inu abusa ndi ansembe mukudziwanso za alendo a mtundu wina: akhristu a mipingo ya kunja imene ili pa ubale ndi mipingo yathu, amene amabwera kudzaona tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chidamalizidwa mu 1891, kapena ku Providence Industrial Mission ku Chiradzulu kumene kudali abusa a John Chilembwe, kapena ku Malamulo ndi ku Nguludi. Abale athu achisilamu nawo amafuna njira yachidule popita ku Haji. Mlendo aliyense wotere amagona, amadya, amakwera galimoto, amagula ziboliboli. Koma tikapitiriza kugwetsa mitengo ya m'mapiri a Michiru, Ndirande ndi Soche, ndi kuba mikungudza ya pa Mulanje, mlendoyo adzabwera kudzaona chiyani?

Mfundo yachitatu ndi yowawa chifukwa ikuloza chala kwa ife eni ake. Mu Januwale 2019 a South African Airways adaimitsa maulendo a ku Blantyre, akuluakulu oona za chitetezo cha ndege a kwawo atayendera Chileka n'kupeza kuti mpanda wa bwalo ndi woonongeka, ndiponso kuti galimoto zozimitsa moto ndi ambulansi sizidali bwino. Chaka chomwecho msewu waukulu umene ndege zimathamangapo udatsekedwa miyezi ingapo kuti ukonzedwe, ndipo ndege zikuluzikulu zidaleka kutera. Za galimoto zozimitsa moto ndi za boma, ndipo boma lisadikire mlendo kuti adzaliuze kuti nyumba ikudontha. Koma mpanda amadula ndani? Si anthu ochokera ku Johannesburg. Ndi ana athu omwe, ofuna waya wa khola la nkhuku kapena njira yachidule yopita kumunda. Mpanda ukabooka mumalowa mbuzi, agalu ndi ana. Ndege ikamatera imathamanga kuposa galimoto iliyonse imene mudaionapo, ndipo singakhote kuzemba mbuzi.

Palinso zina zimene timachita mosadziwa. Kutaya zinyalala ndi zotsalira za kophera nyama pafupi ndi bwalo kumaitana akhwangwala ndi akabawi, ndipo mbalame ikalowa mu injini ya ndege ikhoza kuizimitsa ili m'mwamba. Kutentha tchire posaka mbewa kumadzetsa utsi umene umaphimba maso a woyendetsa. Kumanga nyumba moyandikira kwambiri kumatseka malo amene bwalo likadakulira. Apa ndikupempha mafumu a m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntaja ndi Mfumu Yaikulu Machinjiri, pamodzi ndi inu atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, kuti muzikambe zimenezi pa misonkhano, pa maliro ndi pa zolengeza za Lamulungu ndi Lachisanu. Munthu wakuba waya wa mpanda amapemphera m'tchalitchi mwa wina wa inu. Mawu anu amawamva kuposa chikwangwani cha Chingerezi chopachikidwa pa chipata.

Mfundo yachinayi ndi ya malo. Bwalo la ndege likamakula limadya minda, ndipo mphekesera zokha za chitukuko zimaitana madobadoba. Amabwera pa galimoto zakuda magalasi, n'kumagula minda ya amayi amasiye pa mtengo wa thumba la feteleza, podziwa kuti mawa adzaigulitsa kuchulukitsa kakhumi, kapena adzalandira ndiwo chipukutamisozi. Ndaziona zoterezi m'madera amene mudadutsa misewu yatsopano. Ndikulangiza anzanga a kumudzi kuti musathamangire kugulitsa malo, ndipo musasaine pepala limene simudalimve. Safunsa adadya phula. Pitani nalo kwa mphunzitsi, kwa abusa kapena kwa mkulu wa mpingo akuwerengereni. Mafumu, malo a makolo mudaikizidwa kuti muwasunge, si anu ogulitsa usiku. Ndipo ngati boma lidzafune malo okuzira bwalo, lidzayambe lakhala pansi ndi eni ake, kuwerengera nyumba, mitengo ndi mbewu poyera, kulipira anthu asanasamuke, ndi kulemekeza manda. Munthu amene wachotsedwa pa munda wake popanda chilungamo ndi yemweyo adzabwere usiku kudzadula mpanda.

Mfundo yachisanu ndi imene ikundibwezera ku Wenela. Njira ikafupika, imafupikira wabwino ndi woipa yemwe. Mu Malichi 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene adanamizidwa kuti akukagwira ntchito zabwino ku Oman, koma atafika adalandidwa mapasipoti n'kumagwiritsidwa ntchito za m'nyumba ngati akapolo, ena kumenyedwa ndi kuchitidwa zachipongwe.  Amayi amenewa sadapite pa basi, adakwera ndege. Kuyambira mu Novembala 2023 taonanso achinyamata mazanamazana akunyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Sindikuweruza mwana wopita kunja kukasaka ntchito, pakuti wanga yemwe ali kumeneko ndipo ndi amene amandigulira mankhwala. Koma makolo, mwana akabwera ndi nkhani yoti wina wamulipirira tikiti yaulere, funsani kuti mwini tikitiyo adzabweza bwanji ndalama zake. Onani kalata ya mgwirizano wa ntchito, kafunseni ku ofesi ya zantchito ya boma, dziwani dzina la tauni ndi la bwana, ndipo mwana asapereke pasipoti yake m'manja mwa munthu. Abusa, musanapempherere ulendo, yambani mwafunsa mafunso amenewa. A zolowa ndi kutuluka pa bwalo nawo akhale maso akaona atsikana ambiri akuyenda ndi munthu mmodzi amene akuwayankhira mafunso onse.

Tsono ndiyankheko anzanga amene timakangana nawo pa bawo. Wina amati, bwanji kuthira ndalama pa bwalo la ndege pamene ana akukhala pansi m'kalasi ndipo m'zipatala mulibe mankhwala? Funsoli ndi lolemera, ndipo ine amene ndidaphunzitsapo ana oposa 100 pansi pa mtengo maphunziro aulere atayamba mu 1994 sindingalipeputse. Yankho langa ndi lakuti mankhwala, feteleza, mafuta ndi mapepala osindikizira mabuku timagula kunja ndi madola. Bwalo la ndege loyendetsedwa bwino ndi limodzi mwa makomo olowera madolawo. Loyendetsedwa moipa ndi dzenje lotayamo misonkho. Choncho nkhani yagona pa kayendetsedwe. Anthu auzidwe kuti ntchito yakutiyakuti idya ndalama zingati, zachokera kuti, ngongole ndi ingati, wapatsidwa ntchitoyo ndani, ndipo idzatha liti. Tatopa ndi miyala ya maziko imene imamera udzu chisankho chikangodutsa.

Wina amati dziko lathu ndi laling'ono, bwalo la ku Lumbadzi ndi lokwanira, makamaka poti lidakuzidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo ntchitoyo idatha mu 2019. Ine ndimati kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi mtunda woposa makilomita 300, ndipo wochokera ku Nsanje, ku Mulanje kapena ku Phalombe amaonjezera pamenepo. Mafakitale ambiri, malikulu a mabanki angapo, msika wa tiyi wa ku Limbe ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth zili kuno. Wodwala wotumizidwa ku India kapena ku South Africa sayenera kuyamba wagwedezeka maola asanu pa msewu. Ndipo amene tidaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope atakwirira anthu ku Chilobwe ndi ku Soche, milatho itakokoloka, tikudziwa kufunika kwa bwalo lapafupi pamene thandizo likufunika tsiku lomwelo. Nyumba ya khomo limodzi ikapsa, anthu amathera momwemo.

Ndisanamalize, ndilankhuleko ngati mphunzitsi. Pabwalo la ndege pali ntchito zambiri kuposa kusesa ndi kunyamula zikwama. Pali okonza mainjini, oongolera ndege ali pansanja, oona za nyengo, ozimitsa moto, oyeza katundu, ndi oyendetsa ndege amene. Mu 2017 ndege ya kampani yathu idanyamuka pa Chileka kupita ku Dar es Salaam ikuyendetsedwa ndi amayi okhaokha, motsogozedwa ndi Kaputeni Yolanda Kaunda, mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa udindo umenewu. Ndidadula chithunzi chawo m'nyuzipepala n'kukachimata m'kalasi. Ntchito zoterezi zimafuna masamu, sayansi ndi Chingerezi, ndipo maziko ake amaikidwa ku pulayimale. Aphunzitsi anzanga amene mukadali pa ntchito, pemphani chilolezo mupite nawo ana ku bwalo akaone. Akuluakulu a bwalo, tsegulani khomo kwa ana a sukulu za Chileka, Chirimba, Lunzu ndi Machinjiri, ndipo ntchito zikapezeka muzilengeza poyera kuti mwana wa mlimi apikisane ndi mwana wa bwana. Zidzakhala zomvetsa chisoni ngati ana obadwira m'phokoso la ndege adzangokhala a kabaza odikira pa chipata.

Pomaliza ndikupempha izi. Boma lisamale mpanda, magetsi a pa msewu wa ndege ndi zozimitsira moto chaka chonse, osati pokhapokha kukubwera oyendera. Likonze njira yoti makampani a ndege azipeza ndalama zawo, lichepetse misonkho ya pa tikiti imene imakweza mtengo, ndipo limange malo ozizira osungira zokolola. A khonsolo asamale msewu wochokera m'tauni kudzera pa Kameza mpaka ku bwalo, ukhale wowala usiku, ndipo pakhale basi ya mtengo wofikirika kuti munthu asalipire teksi ndalama ya thumba la chimanga. Aphungu a Blantyre, Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Mwanza alankhule ndi mawu amodzi ku Nyumba ya Malamulo posayang'ana mtundu wa nsalu ya chipani. Mafumu ateteze malo a anthu awo. Atsogoleri a mipingo achenjeze nkhosa zawo za akuba anthu ndi za kuononga katundu wa dziko. Ife alimi tilowe m'magulu ndi kuphunzira kulima zimene msika ukufuna.

Amalume anga adakwera ndege pa Chileka kukakumba golide wa eni ake, nabwera ndi chifuwa. Mwana wanga adalephera kuikwera pa tsiku limene ankaifunitsitsa. Pemphero langa ndi lakuti adzukulu anga amene akuibayibitsa lero adzaione ikunyamula zitheba za m'dimba mwawo, ndipo akadzamva kuti agogo adwala adzathe kugula tikiti n'kundipeza ndikadali moyo.

 Ndikhala wokondwa kumva maganizo a awerengi anzanga, makamaka a m'midzi yozungulira bwaloli.

Ndatha ine wanu,

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Machinjiri, Blantyre.